Makutu a Achule ndi Khutu la Ababa

Lolemba, 6 Januwale

Bushra wafika. Zaka zitatu ku South Africa, wabwera ndi chikwama chimodzi ndi magalasi a maso. Ine ndimati mng'ono wanga atsika minibasi ngati bwana, koma watsika ndi nsapato zomwe zija anapita nazo.

Ababa anatseka shopu 3 koloko isanakwane, zomwe sanachite ngakhale tsiku lija mphepo inasasula denga. Anavala mkanjo wa pa Idi kukamuchingamira kudepoti. Pobwera njira yachidule anaikana, tinadzera mumsika kuti aliyense aone. Iwo patsogolo ndi mwana wawo, ine Shamimu kumbuyo ndi chikwama pamutu. Kwa a Hussaini atelala anati dokotala wathu wa makutu uja ndi uyu. Kwa ogulitsa nyama chimodzimodzi. Anauzanso munthu wina wa ku Chipata amene amangofunsa njira ya kubanki. B. amangomwetulira ngati waluma bwemba.

Lachiwiri, 7 Januwale

Tikusankha mpunga ndamufunsa kuti kodi udokotala wakewo ndi wotani kwenikweni. Wayamba wayang'ana kukhomo. Akuti choyamba, sanamalize, kwatsala chaka. Chachiwiri, ngakhale akamaliza sadzabaya munthu jakisoni, udokotalawo ndi dzina la kusukulu chabe. Chachitatu anachinena chapansipansi.

Makutu a achule.

Ndinaseka mpaka lichero kupendama. Chule ali ndi khutu? Akuti ali nalo, kachikopa kozungulira kali kuseri kwa diso kaja. Koma iyeyo za kunjako alibe nazo ntchito, zake ndi za mkatikati. Mmenemo akuti muli timatumba ndi timipope todzaza madzi, ndipo m'madzimo mwakhala timaselo tokhala ndi titsitsi pamutu. Madzi akagwedezeka titsitsi timapindika, chule n'kudziwa kuti kwalira chinthu, kapena kuti mutu wake wapendama. Ifenso akuti ndi momwemo. Iye ntchito yake ndi kuyeza m'mene madzi amalowera ndi kutuluka m'timaseloto. Zaka zitatu. Ine ndimati ukuchiza anthu ku Joni, ndinatero, kani ukutungira madzi achule.

Ndamufunsa ngati Ababa akudziwa. Akuti anawauza pafoni katatu konse, iwo anangotolapo mawu akuti makutu. Ndinafuna kufunsa kuti foniyo anaiika khutu liti. Ndinameza.

Lachitatu, 8 Januwale

Ndikutsegula shopu ndapeza anthu atatu pakhonde, palibe wofuna shuga. Mayi Filomena a tomato akuti khutu likuwayabwa chiyambire Khirisimasi. Agogo ena a kwa Zulu abwera pakabaza, samva konse. Wachitatu amangofuna kumuona dokotala wamkazi. B. anawapatsa moni mwaulemu, anawauza kuti apite kuchipatala cha pabomapa, ndipo mayi Filomena anawaletsa kutokosa ndi nthenga ya nkhuku. Ababa kuseri kwa kauntala akufotokozera anthu kuti zida zake anasiya ku Joni, n'zolemera. Mayi Filomena asiyabe mulu wa tomato.

Ndilembe pano chifukwa pakamwa andiletsa. Ababa chiyambire Ogasiti khutu lakumanzere limalira ngati nyenje ndipo likugontha. Nthawi zina chimawagwira chizungulire choti nyumba yonse imazungulira, amasanza, amagona pansi atagwira mwendo wa bedi. Mu Novembala anagwa pamakwerero m'chipinda cha katundu, mwamwayi anagwera pamatumba a ufa. Anandilumbiritsa kuti B. asamve mpaka alembe mayeso. Atalemba anati mpaka abwere. Lero m'mawa akuti mpaka abwerere, asanyamule nkhawa. Munthu ukulengeza msika wonse kuti uli ndi dokotala wa makutu m'nyumba, khutu lako n'kumubisira. Ababa anga.

Lachinayi, 9 Januwale

Mvula tsiku lonse, makasitomala anayi basi. Achule m'ngalande ya kuseri kwa shopu akuimba ngati alipidwa. Ndamuuza B. kuti odwala ako akukuitana.

Masana anati andionetse. Anadula mbatatesi tizidutswa tiwiri tofanana, kena anaika m'kapu ya madzi okhaokha, kena m'kapu ya madzi amchere wambiri. Titatha kuswali masana tinakaona. Ka m'madzi chabe kauma gwa, konenepa. Ka mumchere kafota, kakupindika ngati lamba. Akuti madzi amatsata kumene kuli mchere wambiri, ndiye selo likhoza kutupa kapena kufota malinga ndi madzi amene lakhalamo. Kenaka anatsegula laputopu. Kanthu kotuwa ngati kabotolo, titsitsi pamwamba. Akuti ndi selo limodzi la m'khutu mwa chule, analichotsa yekha ndi tizitsulo tosongoka kuposa singano. Atasintha madzi ake ndinaliona ndi maso angawa likufufuma pang'onopang'ono ngati mandasi m'mafuta, kenaka n'kubwerera.

Sindiname, ndinati abwereze. Kanayi.

Ndinafunsa kuti nanga ngati kanthuko n'kotsekeka mbali zonse, madziwo akulowera pati? B. anavula magalasi n'kundiyang'ana. Akuti asisi, funso limenelo ndi limene landidyera zaka zitatu. Pachikopa cha selo pamakhala timabowo tolola madzi okha, ndipo iye akufuna adziwe ngati timaselo ta m'khututi tili nato, tili mbali iti, ndipo tikatsekeka chimachitika n'chiyani. Ndinati ukanandifunsa ine tikanamaliza sabata imodzi.

Pa chakudya chamadzulo anakhala kumanzere kwa Ababa, n'kupempha mchere kawiri. Sanatembenuke. Anasamukira kumanja, anapemphanso motsitsa mawu, Ababa anamupatsira pomwepo. Tikutsuka mbale anandifunsa kuti khutu la Ababa latani. Ndinati ndi ukalamba. Anandiyang'ana ngati ndine chule wake.

Lachisanu, 10 Januwale

Zachitika pagulu.

Ababa akuchokera kumzikiti ndi anzawo, atafika pafupi ndi shopu ya a Hussaini, anaima n'kugwira mzati. Kenaka pansi. Anawanyamula anthu anayi kudzawagoneka pakhonde pathu, chisoti chili m'matope, mkanjo wonse masanzi. Msika wonse unakhamukira kuno. Aliyense akuti mwayi wake dokotala alipo, itanani dokotala, patukani adutse dokotala.

B. anagwada. Anawauza Ababa kuti asagwedeze mutu, ayang'ane chala chake. Maso awo amathamangira mbali imodzi n'kubwerera, okhaokha. Anati amufinye manja onse awiri, amuonetse mano, atchule dzina lake. Anatchula. Wina anafuula kuti abayeni jakisoni, wina akuti katengeni zida. Pamenepo B. anaimirira.

"Ine si dokotala wa anthu. Ndimaphunzira makutu a achule. Sindingawachize bambo anga. Amene ali ndi galimoto atithandize."

Anthu anayang'anana. Kenaka wina kumbuyo anaseka, mayi Filomena n'kumutsinya. Ababa anali atatsinzina, koma khutu lakumanja linali kumwamba. Anamva.

Kuchipatala anawayeza BP ndi shuga, akuti si sitiroko. Awapatsa mapiritsi oletsa kusanza ndi kalata yopita nayo kwa a makutu ku Lilongwe. Tabwera nawo dzuwa likulowa.

Loweruka, 11 Januwale

Takangana ndi B. kukhitchini, monong'ona kuti Ababa asamve, ngati kuti akanamva. Akuti miyezi isanu asisi, munthu akugwa pamakwerero, akukwera njinga yamoto mpaka ku Guilleme, inu muli chete? Akanagwera pamsewu? Ndinati ndinalumbira. Akuti lumbiro lopusa. Apo ndiye ndinatentha. Ndinamuuza kuti amene amakolopa masanzi ndine, amene anasiya Fomu 3 amayi atamwalira kuti shopu isatsekedwe ndi kuti wina apite kusukulu ndinenso, ndiye asabwere ndi magalasi ake kudzandiphunzitsa kusamala Ababa. Sindinanenepo zimenezi chiyambire. Zinatuluka zokha ngati madzi a m'mbatatesi ija.

Analira. Inenso pang'ono. Anyezi analipo pafupi, tinamunamizira.

Tili choncho kwagogoda munthu. Bambo wina wa kwa Zulu, ndowa pamutu yovundikira ndi chiguduli. Wamva kuti pano pali mayi wogula achule. B. anamufotokozera kuti sagula, ake amaweta konko kusukulu, ndiponso pamafunika chilolezo. Bamboyo akuti awa ndi abwino kuposa a ku Joni, ndi a m'dambo, onenepa. Anakana kubwerera nawo, akuti alemera. Tamupatsa tiyi ndi sikono, ndipo ine ndi Dokotala tinanyamula ndowa kukawataya kudambo la kuseri kwa chigayo, anthu akutiyang'ana. Pobwera tinali tikuseka. Tisanawataye B. anagwira chule mmodzi n'kundionetsa kachikopa ka khutu kaja. Kalipodi.

Lamulungu, 12 Januwale

Ababa akulankhula ndi ine ndekha. Akafuna madzi amati uuze mng'ono wakoyo, B. ali pomwepo.

Lolemba, 13 Januwale

Ababa adzuka bwino, ndiye akuti matenda atha, ku Lilongwe sapita. Akufuna akasiye katundu kwa kasitomala wawo ku Guilleme panjinga yamoto. Kiyi sakuoneka. Afufuza m'matumba onse a mikanjo, pansi pa mkeka woswalira, m'kabati. Ine ndawathandiza kufufuza ndi mtima wonse. Kiyiyo ali m'thumba la mchere, lachitatu kuchokera pansi.

A Hussaini anabwera kudzawazonda, tepi ili m'khosi. Ababa anadandaula kuti mwana wawachititsa manyazi pamaso pa anthu. A Hussaini anati manyazi ake ati, Nurdin, amene ananama ndi mwanayo kapena iwe? Akuti ine mwana wanga atati andibaye jakisoni wa chule pofuna kusunga ulemu wanga, ndingamuthamangitse. Ndi a Hussaini okha angawalankhule choncho, anakulira limodzi.

Atapita, B. analowa ndi botolo la madzi losadzaza, anakhala kumanja kwa Ababa osapempha. Analizunguza n'kuliimika patebulo, madzi m'katimo akuzungulirabe. Anati m'khutu mwanu muli madzi otere, Ababa, ndi amene amauza mutu kuti mwaima kapena mukutembenuka. Khutu limodzi likamanena kuti mwaima, linalo n'kumati mukuzungulira, mutu umasowa womvera. Mwa anthu ena madziwo amachuluka mpaka kufinya timaselo tija. Akuti mwina ndi zimenezo, mwina ndi zina, iye sangadziwe, odziwa ali ku Lilongwe ndi makina awo.

Ababa anayang'ana botolo nthawi yaitali. Kenaka, koyamba chiyambire Lachisanu, anamulankhula mwini wake. Anafunsa chimene chimachulukitsa madziwo. B. anati palibe akudziwa bwinobwino, n'chifukwa chake anthu ngati iye amakhalira kusuzumira m'makutu mwa achule.

"Zaka zitatu, chuleyo sanakuyankhebe?"

"Amayankha pang'onopang'ono, Ababa."

Anapukusa mutu, kenaka anakumbukira kuti mutu sagwedeza, anaugwira. Akuti chabwino, apita, akaone ngati a ku Lilongwewo amaposa chule. Koma kiyi wawo apezeke. Ndati tifufuzabe.

Lachitatu, 15 Januwale

Lilongwe. Tinanyamuka ndi minibasi yoyamba, shopu tasiyira a Hussaini kuti azingoyang'anira. Ababa pampando wakutsogolo, maso pamsewu, monga anawauzira B. Pa Namitete anagula chimanga chootcha, ndiye ndinadziwa kuti ali bwino.

Mzere wautali. Titalowa, dokotala wake mtsikana, mwina wamng'ono kwa B. Ababa anandiyang'ana ngati ndawabweretsa kolakwika. Anawalowetsa m'kachipinda kokhala ndi zenera lagalasi, anawaveka zomvera kumakutu, akuti akamva kulira akweze dzanja. Kumanja dzanja limakwera msangamsanga, monyada, ngati mwana wodziwa masamu. Atasinthira kumanzere ine ndikuona dokotalayo akudina batani, akudinanso, Ababa ali phee, dzanja pabondo, akudikira kuti ayambe. B. anandigwira mkono.

Kenaka mafunso. Chinayamba liti, chimatenga nthawi yaitali bwanji, kangati pamwezi, khutu limalira chisanayambe kapena pambuyo. Ababa akuti kawiri kapena katatu basi, pang'ono chabe. B. sakudziwa kanthu, anali kulibe. Ndiye ndinatulutsa kope lino m'chikwama, ndinatsegula kumapeto. Chiyambire Ogasiti ndakhala ndikulemba kumeneko, sindikudziwanso chifukwa chake, mwina mantha. Tsiku, nthawi imene chayamba, nthawi imene chaleka, ngati asanza, chimene anadya dzulo lake, chimene ananena za khutu. Kakhumi ndi kamodzi, osati katatu. Ndinali nditaikanso kanyenyezi pa masiku amene anati khutu ladzaza ngati lalowa madzi chizungulire chisanabwere. Masiku asanu ndi atatu.

Dokotala anatenga kope, ine mtima uli m'mwamba kuti angatsegule kutsogolo n'kuwerenga za achule. Anawerenga mzere ndi mzere, anajambula tsambalo ndi foni. Anafunsa ngati ndine namwino. Ndinati ayi, ndimagulitsa sopo. Akuti odwala onse akanabwera ndi tsamba lotere ntchito yake ikanachepa ndi theka. B. akundigunda ndi chigongono. Ababa anali atatembenuzira khutu labwino kwa ife.

Zimene wanena: zikufanana ndi matenda a kuchuluka kwa madzi mkati mwa khutu, koma tibwerenso pakatha mwezi ayezenso. Kumva kwa kumanzere mwina sikubwerera konse. Chizungulire chikhoza kuchepa ndi mankhwala. Njinga yamoto ayi, makwerero ayi. Mchere achepetse kwambiri, tiyi wakuda bii uja achepetsenso. Pa mchere Ababa anafunsa kawiri, akuti mwina sanamve bwino.

Ndipo ndipitirize kulemba.

Lachinayi, 16 Januwale

Ndiwo zopanda mchere, tsiku loyamba. Ababa analawa, anaika supuni pansi, akuti munthu wogulitsa mchere matumba makumi awiri pamwezi afe ndi nyemba zozizira ngati za kundende. B. anawafotokozera za mbatatesi ija. Akuti iwo si mbatatesi. Adya zonse.

Kiyi ndawapatsa, nditatsuka. Anamununkhiza, n'kumuika m'thumba. Madzulo ndawamva akuuza a Hussaini kuti njingayo aigulitsa, yayamba kudya mafuta.

Mayi Filomena anapitadi kuchipatala, anawatsuka khutu, akuti tsopano akumva ngakhale miseche ya mzere wa nsomba. Akuuza aliyense kuti anawachiza ndi mwana wa a Nurdin. B. watopa nako kutsutsa.

Lachisanu, 17 Januwale

Ababa apita wapansi kumzikiti, B. kuwaperekeza mpaka pakona. Pobwera ndinawamva pakhonde akufotokozera anzawo atatu za timabowo ta madzi, botolo lili m'manja. Zambiri amalakwitsa. Akuti chule ali ndi makutu anayi. Wina atafunsa kuti nanga phindu lake n'chiyani, anati iwe ukadzagwa pamsika udzalidziwa.

B. akulongedza. Wandisiyira kanema wa selo uja pafoni. Wafunsa ngati ndingamamutumizire tsamba lija mwezi uliwonse, akuti osati za sukulu, angofuna azidziwa. Ndati ndiona ngati ndili ndi nthawi, ife ena timagwira ntchito.

Loweruka, 18 Januwale

B. wapita ndi minibasi ya 7 koloko. Ababa sanavale mkanjo wa pa Idi, ndipo tinadzera njira yachidule. Chikwama ananyamula mwini wake.

Titabwerera ndinatsegula shopu, ndinayamba kupanga mashelefu. Sopo wa pamwamba ndimakwera ndine tsopano. Ababa anakhala pampando pafupi ndi khomo, osayatsa wailesi. Ndili pamakwerero anandiitana, ndinati mukufuna tiyi? Akuti ayi, tsika. Ndinatsika. Akuti ndikhale uku, kumanja. Anasuntha okha mpando.

Anangoyang'ana kumsewu mpaka ndinaganiza kuti chikuyambanso, ndinayang'ana maso awo. Ali bwinobwino.

"Shamimu, iweyo ukanapitiriza sukulu, ukanaphunzira chiyani?"

Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi chisiyire sukulu, sanandifunsepo. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene zoseka, za achule kapena za abuluzi, sizinabwere. Panalowa mayi wina kufuna machesi. Ababa anamuuza kuti adikire kaye, mwana wanga akuganiza.